Tamva, Tikauze Eni Ake

Mkazi.
Nyumba ya zipinda ziwiri imene tinamanga pamalo a kwawo.
Ndime ya mpunga ku Bwanje.
Apongozi.
Mbale yoyezera mpunga, yobenthuka m'mbali. Sindikudziwa amene anaitenga.
Ntchito ina ku Lilongwe imene ndinatsala pang'ono kuipeza.
Wondiseka.

Zonsezi zinapita m'chaka chimodzi. Ntchitoyo ndinaitaya ndekha, ndi pakamwa panga. Zinazo zinatsata mkazi. Ndinali mkamwini, choncho abale ake atandisudzula maliro atatha ndinamanga mabuku pa njinga n'kubwerera kwathu ku Mtakataka. Mkazi wangayo anamwalira pa msewu waukulu, lole itagunda kabaza amene anakwera popita kumsika. Ine ndinali kunja kwa dziko. Za tsiku limenelo sindilemba. Ndikulemba za masabata amene tinaseka kuposa nthawi ina iliyonse m'banja lathu.

Ndinaphunzira za chuma cha ulimi ku koleji. Nditamaliza ndinakhala zaka ziwiri ndikungoyenda ndi envulopu, mpaka kalabu ina ya alimi a mpunga ku Bwanje inanditenga kuti ndiziilembera makalata ndi kuifunira misika. Mkazi wanga analekezera Fomu 2. Ankagulitsa mpunga pamsika wa Golomoti, ndipo pa nkhani ya malonda ine ndinali khanda pamaso pake. Ankanditchula kuti a koleji. Akakwiya, a koleji. Akakondwa, a koleji. Kusiyana kwake ndinkakuonera pa nsidze.

Kalata inabwera pafoni mwezi wa Okutobala, tsiku lotentha loti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Bungwe lina la kunja, limene ndinkalitumizira malipoti a kalabu yathu, linkaitana anthu ogwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono m'maiko osiyanasiyana ku msonkhano wa masiku anayi ku Ulaya. Funso lake linali limodzi: maiko akamakambirana za malonda a zaulimi, kakambiranidwe kake kasinthe bwanji? Ndege, kogona ndi chakudya alipira iwo. Aliyense adzapatsidwa mphindi zitatu zolankhula. Pansi pa kalatayo, mkulu wa ofesi yawo ya ku Lilongwe anawonjezera mzere wake: muofesimo akufuna munthu wachinyamata, ndipo kumsonkhanoko adzakhala akundiyang'ana.

Ndinamuwerengera mkazi wanga katatu. Anaika lichero pansi, nazungulira nyumba kamodzi akuthamanga, kenako anabwera n'kukhala pansi ngati palibe chachitika.

"Ndiye akakambirana chiyani kwenikweni?"

Ndinafotokoza monga ndinaphunzirira. Maiko amakumana kuti agwirizane malamulo: msonkho wa pamalire ukhale wotani, boma lithandize alimi ake mpaka pati, mpunga kapena thonje la dziko lina lilowe bwanji kwa anzawo. Maiko olemera amabwera ndi akatswiri odzaza basi, ife timatumiza mmodzi kapena awiri. Nkhani ikafika pouma, akuluakulu ochepa amalowa m'kachipinda, n'kutulukamo ndi pepala. Enawo amangouzidwa kuti nthawi yatha, vomerani.

"Enawo amakhala ali kuti?"

"Pakhonde."

"Akutani?"

"Akumwa tiyi."

"Wa ndani?"

"Wa eni msonkhano."

"N'chifukwa chake," anatero, n'kutolanso lichero lake.

Masabata otsatirawo tinali ngati oledzera. Pasipoti itatuluka anaiika m'chitini cha shuga, akuti wakuba sayang'ana mmenemo, ndipo inafika ku Ulaya ikunata. Jekete tinaigula pa kaunjika, yaubweya mkati, yofika m'mawondo. Anandiumiriza kuti ndiivale pomwepo, dzuwa lili paliwombo, n'kundiyendetsa kuchokera pa tomato mpaka pa usipa kuti anzake aone ngati ikundikhala. Thukuta linkatsikira m'nsapato. Mnzake wapamtima, mayi wogulitsa usipa, anandizungulira kawiri n'kunena kuti ndikuoneka ngati thumba la feteleza limene lapita kusukulu. Mayi yemweyo anandituma kuti ndikafunse azunguwo chifukwa chake sikelo imakhala ya wogula nthawi zonse.

Ine ndinali kalikiliki ndi zolankhula zanga. Ndinazilemba m'Chingerezi cha mawu ataliatali, masamba anayi, ndikuganiza za mkulu wa ku Lilongwe uja pa chiganizo chilichonse. Ndinkaziyeseza kuseri kwa nyumba. Mkazi wanga atandipezerera ndikulankhula ndi mtengo wa papaya, anati zimenezi n'zochititsa manyazi, msonkhano tiuyesere poyera.

Unachitika Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi, pansi pa mango wa apongozi. Mpando wa khushoni m'nyumba mwathu unali umodzi. Mkazi wanga anautulutsa, navala jekete ija pamwamba pa chitenje, namanga tayi wanga m'khosi, n'kukhalapo. Iye anali Maiko Olemera. Mayi wa usipa anapatsidwa mpando wa pulasitiki, akuti ndi Maiko Olemerako. Wapampando anali amalume ake a mkazi wanga, telala wopuma pantchito, amenenso anali ankhoswe athu. Anawapatsa foni yanga n'kuwaonetsa podina kuti iziwerenga mphindi. Ine anandikhazika pa mtondo wogadamiza, pafupi ndi khola la mbuzi.

"Malawi amakhala uko," anatero.

Anthu anayamba kubwera okha, ena atanyamula mipando yawo.

Maiko Olemera ndiwo anayamba. Anakweza mphuno, nalankhula ngati munthu wa chimfine. "Ife alimi athu timawapatsa feteleza, thirakitala ndi ya sopo. Inu anu musawapatse kanthu, mungawononge msika. Mpunga wathu uzilowa kwanu usana ndi usiku. Wanu ukafika kwathu tiziuyeza kaye ngati unasamba."

"Ndikugwirizana nazo," anatero Maiko Olemerako, akuthamangitsa ntchentche.

"Malawi alankhule," anatero amalume.

Ndinaimirira. Ndinapereka ulemu kwa wapampando, kwa olemekezeka onse, kwa okonza msonkhano. Ndinayamba kufotokoza mbiri ya vutoli. Ndili pakati pa tsamba loyamba, foni inalira.

"Nthawi yatha, mkamwini."

"Koma sindinayambe."

"Ku Ulaya kulibe koma," anatero mkazi wanga. "Khalani pansi, mbuzi zikukudikirani."

Kenako iye ndi mnzakeyo ananyamuka mwaulemu waukulu n'kukalowa kukhitchini, n'kutseka chitseko. Tinkangomva kuseka ndi kukukuta mtedza. Apongozi, amene pamaso panga sankaseka kawirikawiri, anali atabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Patapita nthawi awiriwo anatuluka atanyamula tsamba la kalendala yakale, kumbuyo kwake kopanda kanthu. Mkazi wanga anandiyalira pabondo n'kundipatsa cholembera.

"Tagwirizana tonse. Sayinani apa, ndege ikunyamuka."

Ndinasayina, ndi mchira wautali, anthu n'kuwomba m'manja.

Amalume okha sanawombe. Anaika foni pansi.

"Mwasayina?"

"Ndi sewero, amalume."

"Mwawerenga?"

"Palibe chalembedwapo."

"Ndiye mwasayina chopanda kanthu, m'dzina la anthu amene simunawafunse. Kumeneko amaterodi?"

Ndinati nthawi zambiri zimakhala choncho. Pepala limatuluka mochedwa, anthu atatopa, matikiti a ndege ali m'thumba.

Anapukusa mutu nthawi yaitali. "Pamene abale anu anabwera kudzafunsira mwanayu, ine ndinawayankha chiyani?"

Ndinkakumbukira bwino, chifukwa amalume anga sanaleke kudandaula mpaka lero. Anapalasa njinga kuchokera ku Mtakataka katatu. Ulendo woyamba anafotokoza zonse, mwaluso, ndi miyambi. Yankho linali lakuti, tamva, pitani, tikauze eni ake. Chonsecho mudzi wonse unkadziwa kuti mwini wakeyo anavomera kalekale, nsalu ya diresi anali atasankha kale.

"Ndinkadziwa kuti akukufunani," anatero amalume. "Koma kudziwa kwanga si yankho lake. Nkhoswe si mwini nkhani. Ndi miyendo ndi makutu basi. Wovomera tsiku lomwe wamva, ife timati wadya kanthu."

Mkazi wanga anali akuvula tayi. Anaima, tayiyo ali m'manja.

"Mphindi zitatu zanu ndi zimenezo, a koleji."

"Ndikanene za unkhoswe? Pamaso pa madokotala a zachuma? Akandiseka."

"Ife takusekani tsiku lonse. Chathyoka n'chiyani?"

Anthu atabalalika ndinamukumbutsa za ntchito ija. Ndinati munthu amene akukuyang'ana kuti akulembe ntchito sumuchititsa manyazi kwa mabwana ake. Anayamba kupinda jekete. Ntchitoyo ankaifuna kuposa ine. Anali atayamba kale kufunsa anthu za nyumba za mpopi wamkati, ndiponso ngati ku Lilongwe mpunga wonunkhira umayenda malonda.

"Mpopiwo ndikuufuna," anatero. "Sindinama. Koma alimi amene mukukawanenawo, mmodzi ndi ine. Mukaona nokha."

Sanabwerezenso. Ine masamba anga anayi ndinawafupikitsa kukhala limodzi ndi theka, n'kuwaika m'chikwama. Pokwera minibasi pa Golomoti ndinali ndisanasankhe chochita.

Za ulendowo ndikhoza kulemba buku. M'ndege anandipatsa kansalu kotentha, ndipo poti sindinadziwe ntchito yake ndinakapinda n'kukaika m'thumba. Pa masitepe oyenda okha ndinakwera n'kutsika n'kukweranso, munthu wa digiri, ndikuseka ndekha. Jekete ya feteleza ija inandipulumutsa, mphepo ya kumeneko imaluma makutu ngati nyerere. Tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro ndinkaimba pa intaneti ku foni yaikulu ya mayi wa usipa, popeza ya mkazi wanga inali ya mabatani, ndipo msika wonse unkamva kuti a koleji adya masamba osaphika.

M'holo ya msonkhano aliyense anali ndi zomvera za m'makutu. Omasulira ankakhala kumbuyo, m'timanyumba ta galasi, ndipo ukadina batani munthu yemweyo ankasanduka Mfalansa. Masiku atatu oyambawo ndinasangalala kwenikweni. Anthu ankanena zanzeru. Ena ankati maiko ang'onoang'ono aziphatikiza akatswiri awo. Ena ankati kachipinda kaja katsekedwe, zonse zizikambidwa poyera. Ndinkalemba mpaka dzanja kuwawa. Pafupi nane pankakhala mayi wina wolima thonje wa kuzambwe kwa Africa, wa duku lalitali ngati chulu. Sitinkamvana chinenero, koma ankandigawira mtedza wa kwawo pansi pa tebulo.

Tsiku lachinayi m'mawa, pamalo pa aliyense panali pepala. Mutu wake unkati ndi mawu a alimi ang'onoang'ono. Linali lolembedwa kale. Analilemba anthu ochepa amene anakumana m'chipinda china cha pamwamba ife titapita kokadya. Anatipempha kuti tisayine nkhomaliro isanakwane.

Silinali pepala loipa. Zambiri ndinkagwirizana nazo, ndipo kachipinda kaja linkakadzudzula ndi mawu amphamvu. Koma munali ndime ina yonena za kutsegula malire kuti mpunga uzidutsa mosavuta, ndipo ine sindinkadziwa kuti a ku Bwanje anganene chiyani. Ndinkadziwa ena amene amalakalaka kugulitsa kunja popanda kuvutitsidwa. Ndinkadziwanso ena amene amaopa mpunga wotchipa wa m'matumba oyera kuposa dzombe. Mkulu wa ku Lilongwe anali mizere iwiri kumbuyo kwanga. Nditacheuka anandimwetulira n'kukweza chala chachikulu.

Dzina la dziko lathu litatchulidwa ndinaimirira, tsamba ndi theka lili m'manja. Ndinayang'ana kutsogolo. Wapampando, bambo wa imvi wa magalasi, anatulutsa foni yake, naiika patebulo, n'kudina kuti iziwerenga mphindi. Anadina ndi chala chimodzi, mosamala, ndendende ngati telala wa kwathu.

Ndinaseka. Sindinafune, kusekako kunangotuluka, ndipo makina anakukweza holo yonse. Anthu anadzutsa mitu. Pamenepo ndinaona kuti manyazi amene ndinkawaopa ndawalandira kale, otsalawo ndi ochepa. Pepala langa ndinaliika pansi.

Ndinawauza kuti kwathu munthu wotumidwa savomera tsiku lomwe wamva nkhani. Ndinawauza za amalume anga ndi njinga yawo, maulendo atatu, ndi za mkazi amene anali atasankha kale nsalu koma anafunsidwabe. Ndinati ngati tikufuna kusintha kakambiranidwe ka maiko, tiyambe ndi ichi: pepala lililonse lizipatsidwa nthawi yopita kumudzi n'kubwerako, ndipo wotumidwa asamaonedwe ngati wosokoneza akanena kuti akafunse kaye. Ndinati masiku atatu takhala tikudandaula za kachipinda, koma lero talandira pepala lochokera m'kachipinda kathu. Kenako ndinakweza pepalalo.

"Ili ndalimva. Ndikauze eni ake."

Ndinakhala pansi foni ya wapampando isanalire.

Omasulira anali akumalizitsa. Kenako kuseka kunabwera m'magulumagulu, chinenero ndi chinenero, a Chingerezi poyamba, a Chifalansa pambuyo, ena a kumapeto kwenikweni ine nditamwa kale madzi. Mayi wa thonje sanaseke. Anatenga cholembera chake, nachivindikira, n'kuchiponya m'chikwama, n'kutseka zipi mwaphokoso. Enanso angapo anachita chimodzimodzi. Sanali ambiri. Ochuluka anasayina. Wapampando anandithokoza chifukwa cha nkhani yokoma ya chikhalidwe, n'kuitana dziko lotsatira.

Pa tiyi, mkulu wa ku Lilongwe anali wotanganidwa kwambiri ndi foni yake. Makalata amene ndinamulembera pambuyo pake sanayankhidwe. Pepala lija linatuluka popanda dzina langa. Ngati pali chimene chinasintha pa kakambiranidwe ka maiko, ine sindikuchidziwa. Ndimamva pa wailesi akuti nthumwi zakambirana mpaka mochedwa ndipo zagwirizana, n'kumadzifunsa kuti pakhonde panali ndani.

Eni ake ndinawauzadi, patapita mwezi maliro atachitika. Tinakumana pamalo oyanikira mpunga. Ndinawawerengera pepala lonse m'Chichewa. Pa ndime ya malire ija anakangana masana onse, mpaka bambo wina anavula chipewa n'kuchiponda. Sanagwirizane. Ndinalembera bungwe lija kuti eni ake amva, ndipo sanagwirizane. Amalume atelala aja anati kalatayo ili bwino.

Koma tsiku lomaliza la msonkhano lija, nditangotuluka m'holo, ndinali wokondwa mochititsa mantha. Ndinapeza ngodya pafupi ndi zenera, kunja kukuwaza kamvula kozizira, n'kuimba. Linali Lachinayi. Ngozi inachitika mawa lake m'mawa.

Anayankha mayi wa usipa. "Mwini katundu, a feteleza anu awa." Ndinamva foni ikudutsa m'manja, wailesi ya wina, kondakitala akuitanira a ku Salima.

"A koleji."

"Ndalankhula."

"Zanu zija kapena zathu?"

"Zanuzo, za unkhoswe."

Anachotsa foni pakamwa n'kuuza anzake. Kunamveka nthungululu imodzi, ndi wina akufunsa ngati za sikelo ndanena.

"Anakusekani?"

"M'zinenero zitatu."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinadikira. Ndinkamva akupuma.

"Mwasayina?"

"Ayi."

"Bwana uja?"

"Sakundiyang'ananso. Mpopi uja ndikuganiza kuti wapita."

Ndinamva mpunga ukukhuthukira m'jumbo, mbale ziwiri, ndi kadzanja kowonjezera.

"Mjigo ulipo," anatero.

Ndinayamba kumufotokozera zonse nthawi imodzi, za wapampando ndi chala chake, za mayi wa duku, za zipi. Mawu ankapondana. Anandidula.

"Ayi, ayi, musandiuze pafoni, muiwononga. Mudzandiuze mutafika, mutavula nsapato, kuyambira poyambirira. Dulani, kwabwera wogula."